Mabakiteriya odana ndi mpweya: komwe amabisala, mmene amadwalitsira ndi mmene amathanirana nawo

Chithupsa cha m'mimba chikatumbulidwa pa opaleshoni n'kutulutsa fungo la chinthu chowola lomwe limadutsa ngakhale pa masiki, dokotala wodziwa ntchito yake sadikira labotale kuti imuuze zimene zili m'katimo. Fungo limenelo ndi la mabakiteriya amene amakhala ndi kuswana pamalo opanda okosijeni, omwe a zachipatala amawatcha ma-anaerobe. Komabe si zachilendo kuti pakapita masiku awiri pepala la ku labotale libwere litalembedwa kuti m'mafinyamo simunamere kachilombo kalikonse. Tizilomboto tinalimo tambirimbiri, kungoti tinafera panjira titakumana ndi mpweya. Mabakiteriya amenewa sachedwa kufa akakhala poyera, ndiye amavuta kuwapeza, koma akapeza malo otsekeka m'thupi amawononga mofulumira zedi.

Amene anayamba kufotokoza kuti pali zamoyo zokhala popanda mpweya ndi Louis Pasteur mu 1861. Poyang'ana dontho la madzi osasa pa maikulosikopu, anaona kuti tizilombo ta m'mphepete mwa dontholo, momwe mpweya unkafika, tinkasiya kuyenda, pamene ta pakati tinkayendabe bwinobwino.

Chifukwa chake n'chakuti okosijeni akalowa m'selo, kaya ya munthu kaya ya bakiteriya, amasiya zotsalira zowononga monga superoxide ndi hydrogen peroxide, zomwe zimaphwanya mapuloteni ndi DNA. Zamoyo zopuma mpweya zili ndi maenzaimu (mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'selo) otchedwa superoxide dismutase ndi catalase amene amachotsa zotsalirazo zisanavulaze. Ma-anaerobe alibe maenzaimu amenewa, kapena ali nawo ochepa kwambiri. Mphamvu zawo amazipeza posasitsa shuga ndi kuphwanya mapuloteni, ndipo pochita zimenezi amatulutsa gasi, maasidi onunkha ndi hydrogen sulphide, yemwe ndi fungo lija la dzira lovunda.

Sikuti onse amaopa mpweya mofanana. Mu mpweya umene timapuma, magawo 21 pa 100 ndi okosijeni. Alipo ma-anaerobe amene sangamere okosijeniyo akangopitirira theka la gawo limodzi pa 100, koma ena monga Bacteroides fragilis amapirira magawo 2 mpaka 8, ndipo amatha kukhala maola angapo pampweya osafa. Amene amadwalitsa anthu kawirikawiri ndi opirirawa, chifukwa ndi amene amakhalitsa m'mnofu mpaka malowo atawayanja.

Ali kale m'thupi mwathu

Matenda ambiri a ma-anaerobe sachita kupatsirana. Mabakiteriyawo ndi athu omwe. Mu galamu imodzi ya chimbudzi muli mabakiteriya oposa mabiliyoni 100, ndipo m'thumbo lalikulu ma-anaerobe amachuluka kuposa mabakiteriya opuma mpweya mwina maulendo 1,000. Ali ambiri m'timipata ta pakati pa dzino ndi nkhama, m'njira ya abambo mwa amayi, ndiponso m'timabowo ta tsitsi pakhungu, momwe mumakhala Cutibacterium acnes wa ziphuphu uja. Akakhala pamalo pawo amagwira ntchito yabwino: amagaya zotsalira za masamba zomwe ife sitingagaye n'kupanga chakudya cha maselo a m'thumbo, amapanga vitamini K, komanso amadzaza malo moti tizilombo toipa timasowa pomera.

Kuti adwalitse munthu pamafunika zinthu ziwiri. Choyamba, khoma limene limawatsekereza libooke: thumbo liphulike, dzino liwole mpaka kumuzu, chiberekero chivulazidwe, khungu ling'ambike. Chachiwiri, kumene afikako kukhale kopanda okosijeni. Mnofu wamoyo umalandira okosijeni kudzera m'magazi nthawi zonse, ndiye ma-anaerobe sangamerepo. Amamera pa mnofu wophwanyika kapena wakufa, pa magazi oundana, pamene patsalira dothi, kamtengo kapena kansalu, pa mwendo umene mitsempha yake yatsekeka ndi matenda a shuga, kapena pamene pulasitala yathina kwambiri.

Ndipo sabwera okha. M'mafinya amodzi mumapezeka mitundu ingapo, yosakanikirana ndi mabakiteriya monga Escherichia coli amene amatha kukhala ndi mpweya kapena popanda mpweya. E. coli amadya okosijeni wotsalawo n'kuwakonzera anzakewo malo. M'zaka za m'ma 1970, ofufuza ku United States anasonyeza zimenezi poika za m'matumbo m'mimba mwa makoswe. M'masiku oyamba makoswe ena ankafa, E. coli atalowa m'magazi, ndipo opulumuka ankadzakhala ndi zithupsa m'mimba momwe munkachuluka B. fragilis. Akawapatsa gentamicin yekha, antibayotiki wopha E. coli, imfa zinkachepa koma zithupsa zinkabwerabe. Akawapatsa clindamycin yekha, wopha ma-anaerobe, zithupsa zinkachepa koma makoswe ankafabe. Apa ndi pamene panachokera lamulo limene madokotala a opaleshoni amatsatira mpaka lero, lakuti matenda a m'mimba otere amafuna mankhwala ogwira magulu onse awiri.

Malo amene amakonda kugwira

Pofuna kudziwa bakiteriya amene ali pachilonda, funsani kuti khoma limene labooka ndi liti. Kuyambira pachifuwa kupita kumutu, gwero lake kawirikawiri ndi m'kamwa, ndipo mayina ake ndi Prevotella, Porphyromonas, Fusobacterium ndi Peptostreptococcus. Kuyambira pamimba kutsika mmunsi, gwero ndi matumbo, ndipo mtsogoleri wake ndi B. fragilis. Bakiteriya ameneyu ndi wochepa kwambiri pa chiwerengero cha a m'matumbo, koma ndi amene amapezeka kwambiri m'zithupsa za m'mimba chifukwa ali ndi chikuto cha shuga chimene pachokha chimayambitsa chithupsa.

Dzino la kunsi lowola lingatumize matenda pansi pa lilime. Kunsi kwa chibwano kumatupa n'kulimba ngati thabwa, lilime limakankhidwira mmwamba ndi kumbuyo, malovu amangotuluka, ndipo munthu angafe chifukwa chobanika. Matendawa amatchedwa Ludwig's angina, ndipo chofunika choyamba n'kuteteza njira ya mpweya, mankhwala pambuyo. Palinso matenda amene André Lemierre anafotokoza mu 1936: mnyamata kapena mtsikana wathanzi amadwala zilonda zapakhosi, pakapita masiku angapo amayamba kunjenjemera ndi kutentha thupi kwambiri, mbali imodzi ya khosi n'kutupa. Fusobacterium necrophorum amakhala atalowa mu mtsempha waukulu wa m'khosi n'kuundanitsa magazi, ndipo tizidutswa ta magaziwo timakagwera m'mapapo. Khutu lotuluka mafinya kwa zaka lingafikitse ma-anaerobe mu ubongo. Kwa ana operewera zakudya m'thupi, chilonda cha pa nkhama chingasanduke noma, yemwe amadya tsaya m'masiku ochepa. World Health Organization (WHO) inaika matendawa pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu December 2023.

Chithupsa cha m'mapapo chimafuna tcheru chifukwa chimafanana kwambiri ndi TB. Chimayamba munthu akatsamwa ndi malovu kapena masanzi ali chikomokere, kaya chifukwa cha kuledzera, khunyu, sitiroko kapena mankhwala ogonetsa pa opaleshoni, makamaka ngati nkhama zake zili ndi matenda. Zimene watsamwa nazozo zimakonda kugwera m'phapo lakumanja, chifukwa njira yake ndi yotakata komanso yowongoka. Pakapita sabata imodzi kapena awiri mnofu wa phapo umawola n'kusiya mphako. Wodwala amatentha thupi, amatuluka thukuta usiku, amawonda, ndipo amatsokomola makhololo ambiri onunkha. Pa X-ray mphakoyo imaoneka ndi mzere wowongoka pamene pathera mafinya n'kuyambira mpweya. Kuyeza TB n'koyenera ndithu, koma ngati zotsatira zikusonyeza kuti palibe, makhololo akununkha, mano ndi owola, ndipo munthuyo anakomokapo posachedwa, ma-anaerobe ndi oyamba kuwaganizira. Mankhwala ake amamwedwa masabata angapo, mpaka mphakoyo itatsekeka kapena itatsala kachipsera chabe.

M'mimba, magwero odziwika ndi apendikisi yophulika, thumbo lobooka, bala la mpeni kapena chipolopolo, ndi msoko wa pathumbo umene wamasuka pambuyo pa opaleshoni. Kwa amayi, ndi matenda a m'chiberekero pambuyo pobereka kapena kupita padera, makamaka ngati mwatsalira zidutswa za nsengwa, komanso zithupsa za m'machubu a mazira. Chilonda chakuya ndi chonunkha cha paphazi la wodwala shuga chimakhalanso ndi ma-anaerobe nthawi zambiri, chimodzimodzi bala lolumidwa ndi munthu.

Gulu la Clostridium

Gulu ili ndi losiyana ndi ena chifukwa limachokeranso kunja kwa thupi. Zinthu zikavuta, mabakiteriyawa amadzisandutsa timbewu tolimba totchedwa spore, timene timakhala m'dothi ndi m'ndowe kwa zaka zambiri. Timbewuti sitiopa mpweya, dzuwa kapena sipiriti, ndipo tina sitifa ngakhale titawiritsidwa m'madzi. Chimene chimapha timbewuti motsimikizika ndi nthunzi ya mu autoclave, makina ophera tizilombo pa zida za kuchipatala, pa madigiri 121 kwa mphindi 15. Mabakiteriya a gulu ili amadwalitsa ndi poizoni amene amatulutsa.

Clostridium perfringens, amene William Welch ndi George Nuttall anamufotokoza mu 1892, ndiye amayambitsa gas gangrene, kuwola kwa minofu kotulutsa gasi. Kumayamba pa bala lakuya lophwanyika, monga fupa lothyoka lotulukira kunja pangozi ya pamsewu, kawirikawiri pasanathe masiku atatu, nthawi zina m'maola ochepa chabe. Chizindikiro choyamba, chomwe chimanyalanyazidwa kwambiri, ndi ululu woopsa wosagwirizana ndi mmene balalo likuonekera. Mtima umathamanga kuposa mmene kutentha kwa thupi kungachititsire. Kenako khungu limatupa n'kusanduka lofiirira ngati mkuwa, pamatuluka matuza a madzi akuda, ndipo ukadina ndi chala umamva kuthetheka kwa gasi pansi pa khungu. Poizoni wake amasungunula makoma a maselo n'kutseka timitsempha ta magazi, ndiye mnofu woyandikana nawo umafa n'kusanduka malo atsopano oswaniranapo. Potsegula, mnofuwo umakhala wotuwa, sutuluka magazi, ndipo sugwedezeka ukatsinidwa. Kudikira kuti gasi amveke n'kuchedwa kale. Wodwala amafunika opaleshoni nthawi yomweyo, kudula mnofu wonse wakufa mpaka pofika wotuluka magazi, ngakhale kudula mwendo kumene, pamodzi ndi penicillin ndi clindamycin wa mu mtsempha. Clindamycin amawonjezedwa chifukwa amaletsa bakiteriya kupanga poizoni.

Matenda a kafumbata amayamba ndi Clostridium tetani. Bakiteriyayu sayenda m'thupi, amangokhala pabala, ndipo balalo lingakhale laling'ono moti wodwala waliiwala. Poizoni wake ndi amene amakwera m'minyewa mpaka kufika ku msana ndi ubongo, kumene amatseka timauthenga touza minofu kuti imasuke. Zizindikiro zimayamba pakati pa masiku 3 ndi 21, ndipo zikayamba msanga matendawo amakhala aakulu. Nsagwada zimauma, kumeza kumavuta, nkhope imakokeka ngati munthu akuseka, msana umapindika ngati uta, ndipo phokoso, kuwala kapena kumukhudza chabe kumautsa kukokana kowawa koopsa, munthuyo ali maso ndipo akumva zonse. Ambiri amati kafumbata amabwera ndi dzimbiri. Dzimbirilo palokha lilibe mlandu: msomali umakankhira dothi m'kati mwa bala lopapatiza lomwe limatsekeka pamwamba, ndipo malo oterowo ndi amene timbewu tija timafuna. Kwa khanda, khomo ndi mchombo wodulidwa ndi chida chakuda kapena wopakidwa zinthu zakuda. Mwana amene anayamwa bwino masiku awiri oyamba, kenako n'kusiya kuyamwa ndi kuuma thupi pakati pa tsiku la 3 ndi la 28, aganiziridwe kafumbata. WHO inayerekezera kuti makanda pafupifupi 25,000 anafa ndi matendawa mu 2018, poyerekeza ndi 787,000 mu 1988, ndipo chimene chinatsitsa chiwerengerochi ndi katemera wa amayi ndi ukhondo pobereketsa. Mfundo imene imaiwalika ndi yakuti wochira kafumbata satetezedwa, chifukwa poizoni wodwalitsa ndi wochepa kwambiri moti thupi silimuphunzira. Ayenera kulandira katemera asanatuluke m'chipatala.

Clostridium botulinum amachita zosiyana: poizoni wake amafooketsa minofu, kuyambira m'maso ndi pakhosi kutsika mpaka minofu yopumira, kawirikawiri maola 12 mpaka 36 munthu atadya chakudya cha m'chitini kapena m'botolo chosakonzedwa bwino. Bakiteriyayu samera m'chakudya chowawasa cha pH yochepera 4.6, ndipo poizoni wake amawonongeka chakudya chikatenthedwa pa madigiri 85 kwa mphindi 5. Uchi ungakhale ndi timbewu take, n'chifukwa chake mwana wosakwana miyezi 12 sapatsidwa uchi.

Clostridioides difficile amasonyeza ubwino wa ma-anaerobe abwino aja. Maantibayotiki akapha mabakiteriya a m'matumbo, iye amapeza malo n'kuyambitsa kutsegula m'mimba komwe kungafike potupitsa thumbo moopsa. Timbewu take sitifa ndi sanitaiza, ndiye m'manja muzisambidwa ndi sopo ndi madzi, ndipo malo azipukutidwa ndi klorini. Mankhwala amene ayambitsa vutolo asiyidwe ngati n'kotheka, ndipo wodwala amwe vancomycin 125 mg kanayi patsiku kwa masiku 10, kapena fidaxomicin. Vancomycin wa mu mtsempha sathandiza pano chifukwa safika m'kati mwa thumbo.

Kutenga sampulo kuti labotale iwapeze

Fungo lowola ndi umboni wamphamvu, koma kusanunkha sikutanthauza kuti kulibe, chifukwa matenda ambiri a ma-anaerobe sanunkha. Zizindikiro zina ndi gasi m'minofu, mnofu wakufa, chithupsa choyandikana ndi m'kamwa, matumbo kapena chiberekero, ndi wodwala amene sakuchira ngakhale akulandira gentamicin kapena ciprofloxacin. Ngati pa maikulosikopu pakuoneka mabakiteriya a maonekedwe osiyanasiyana koma pa mbale yomeretsera mabakiteriya ku labotale sipanamere kanthu, ndiye kuti ma-anaerobe anafera panjira.

Cholakwika chofala kwambiri ndi kupukuta pamwamba pa chilonda ndi kathonje ka pakamtengo. Kathonjeko kamatenga mafinya ochepa, kamakhala ndi mpweya pakati pa ulusi wake, kamauma msanga, ndiponso kamatola mabakiteriya a pakhungu amene alibe mlandu. Njira yoyenera ndi iyi: tsukani khungu ndi mankhwala opha tizilombo, bayani chithupsacho ndi singano kudzera pakhungu labwino, kokani mafinya okwana mililita imodzi kapena kuposa, tulutsani mpweya wonse mu sirinji, ndipo thirani mafinyawo m'kabotolo kapadera kopanda okosijeni. Kachidutswa ka mnofu wa pakhoma la chithupsa n'kabwino kuposa mafinya. Sampuloyo isaikidwe mu firiji, chifukwa okosijeni amalowerera kwambiri m'madzi ozizira, ndipo ifike ku labotale pasanathe maola awiri kapena atatu, italembedwa kuti mukufuna ma-anaerobe. Makhololo otsokomola, mkodzo wokodzera m'botolo ndi zopukuta kukhosi sizithandiza, popeza zimadutsa m'malo amene ma-anaerobe amakhala kale.

Ku labotale mbale zimatsekeredwa mu mtsuko wapadera, wa mtundu umene McIntosh ndi Fildes anayambitsa mu 1916, momwe masiku ano amaikamo kapaketi koyamwa okosijeni. Mumaikidwanso kapepala ka methylene blue: kakakhala kabuluu ndiye kuti mpweya ulimo, kakayera ndiye kuti zili bwino. Mphira wa pachivindikiro ukang'aluka, ntchito yonse yawonongeka. Mtsukowo usatsegulidwe asanakwane maola 48 pa madigiri 35 mpaka 37, chifukwa mabakiteriya ongoyamba kumera ndi amene sachedwa kufa, ndipo mbale zisungidwe masiku 5 mpaka 7. Mtsuko woyatsiramo kandulo kuti ichepetse okosijeni sulowa m'malo mwa umenewu. Kandulo imazima okosijeni akadali wambiri.

Kuchiza

Mankhwala paokha sachiza chithupsa chachikulu. M'kati mwake simufika magazi onyamula mankhwalawo, ndipo asidi wa m'mafinya amafooketsa ena mwa iwo. Ntchito yaikulu ndi kusintha malowo: kutumbula, kuika chubu chotulutsira mafinya, kudula mnofu wakufa, kuzula dzino, kutsuka m'chiberekero, kusoka thumbo. Wodwala amene akutenthabe thupi patatha masiku atatu kapena anayi akulandira mankhwala oyenera amafunika sikani yofufuza mafinya otsalira, m'malo mongomusinthira mankhwala.

Metronidazole, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Flagyl, ndiye mankhwala odalirika pa B. fragilis. Munthu wamkulu amapatsidwa 400 kapena 500 mg maola 8 alionse, ndipo wakumwa amalowa m'magazi pafupifupi mofanana ndi wa mu dripi. Mankhwalawa amayamba kugwira ntchito akasinthidwa m'kati mwa selo yopanda okosijeni, ndiye sakhudza konse E. coli kapena Streptococcus. Pa matenda osakanikirana amaphatikizidwa ndi ena monga ceftriaxone, ndipo pa chithupsa cha m'mapapo sakwanira payekha. Sagwiranso mabakiteriya otchedwa Actinomyces, amene amafuna penicillin kwa miyezi. Womwa metronidazole apewe mowa, adziwe kuti m'kamwa mumamveka ngati chitsulo, ndipo akayamba kumva dzanzi m'mapazi atamwa nthawi yaitali auze dokotala. Kwa womwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, metronidazole amawonjezera ngozi yotaya magazi. Gentamicin ndi anzake sagwira ma-anaerobe ngakhale pang'ono, chifukwa amafuna okosijeni kuti alowe m'selo ya bakiteriya. Penicillin yekha amalephera pa Bacteroides ndi Prevotella ambiri chifukwa amatulutsa enzaimu yomuphwanya, ndipo n'chifukwa chake amagwiritsa ntchito amoxicillin wophatikiza ndi clavulanate, piperacillin ndi tazobactam, kapena meropenem. Clindamycin amathandizabe pa matenda a m'kamwa ndi m'mapapo, koma pa B. fragilis sadalirikanso ngati kale.

Bala lakuda likasamalidwa bwino m'maola oyamba, gas gangrene ndi kafumbata sizipeza poyambira. Litsukidwe ndi madzi oyera ambiri mpaka dothi lonse litachoka, mnofu wakufa udulidwe, ndipo ngati ndi lakuya, lolumidwa, lophwanyika kapena lakhalitsa, lisasokedwe tsiku lomwelo. Kusoka bala lotere n'kutsekera timbewu tija m'malo opanda mpweya. Lisiyidwe lotsegula ndi bandeji yoyera, liunikidwenso pakapita maola 48, ndipo lisokedwe pa tsiku la 3 mpaka la 5 ngati lili loyera. Wovulala amene sanalandirepo katemera wa kafumbata katatu, kapena sakudziwa, abayidwe katemera pamodzi ndi tetanus immunoglobulin 250 IU, jakisoni wa chitetezo chokonzeka kale cholimbana ndi poizoniyo, pamalo osiyana ndi masirinji osiyana. Amene anamaliza katemera koma papita zaka zoposa 5 chibayidwire komaliza, pa bala lakuda amangofunika katemera wowonjezera mmodzi.